Pa doko la Mponda: mbiri ya Mangochi monga ndinaimvera kwa agogo

Sendezani mkekawo kuno, adzukulu anga, uko utsi ukulowani m'maso. Iwe wamkuluwe, dzana ndinakumva ukuuza mnzako wa ku Lilongwe uja kuti pa boma pano palibe choona, angogula chambo n'kupitirira wa ku Nkopola kapena ku Cape Maclear. Pamaso pa mlendo sindinafune kukudzudzula, koma mawu akowo ndagona nawo masiku awiri. Ine ndinabadwa mu 1940, ndipo amene anandilera ndi agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, munthu amene anaona ndi maso ake usiku umene mizinga inalira pa mtsinje uno. Zimene ankandiuza tikusoka ukonde pakhonde sindifuna kulowa nazo m'manda.

Nkhani ya Mangochi imayamba ndi madzi. Nyanja yonse ija, kuyambira ku Karonga, ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndiye Shire wathuyu. Akatuluka m'nyanja yaikulu sayenda mtunda wautali, walowa kale m'nyanja ya Malombe. Pakati pa madzi awiriwa mabwato amaoloka popanda kulimbana ndi mafunde a mwera. Choncho wochokera kumadzulo, kwa Achewa ngakhale kwa Abisa kutali uko, akafuna kukafika kugombe la nyanja yamchere, njira yake inali pano. Wogwira doko ndiye ankagwira chuma.

Eni dziko akale anali Anyanja, anthu a mono ndi khoka. Cha m'ma 1860 kunafika Ayao kuchokera kumapiri a ku Mozambique, anthu ozolowera kale malonda ndi Aluya ndi Aswahili a kugombe. Mponda anakhazika mudzi wake pa doko, tsidya lino la kumadzulo. Makanjira anatenga gombe la kum'mawa kwa nyanja, Jalasi anakwera m'mapiri. David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi koyamba mu 1859 potsata mtsinje womwe uno, atabweranso mu 1866 anapeza kwa Mponda kuli mudzi waukulu. Kuchokera kugombe kunkabwera nsalu, mikanda, mfuti za gogodela ndi onga, ndipo Chisilamu chimene mukuchiona m'misikiti yathu lero chinadzera njira yomweyo. Kupita kugombe kunkapita minyanga ya njovu ndi anthu.

Anthu, adzukulu anga. Akafika apa agogo ankatsitsa mawu. Mayi awo sanabadwire kuno. Anafika ali kamtsikana kosatha msinkhu, pa ulendo wa akapolo wochokera kumadzulo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana atalumikizidwa ndi chingwe. Phazi lawo linali litatupa ndi chilonda, ndiye amalonda aja ataona kuti mwanayu sakafika kugombe anamusinthanitsa ndi kamba wa paulendo. Anakulira m'nyumba ya munthu amene anawagulayo, n'kudzakwatiwa ndi mng'ono wake. Dzina la mudzi wa kwawo analiiwala. Chimene ankakumbukira mpaka imfa yawo ndi mtondo wa mayi awo, umene unali wong'aluka mbali imodzi ndipo anaumanga ndi luzi. Mukamamva aphunzitsi akunena za ukapolo, musamaone ngati ndi nkhani ya anthu ena. M'thupi mwanumo muli magazi a wogulidwa ndi a wogula omwe. Ine sindibisa zimenezi, ndipo inunso musadzabisire ana anu.

Mayi omwewo ndi amene anaona sitima yoyamba. Inali Ilala, osati iyi mukuidziwa inu, koma yakale ya amishoni a ku Scotland. Anainyamula zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire, n'kuilumikizanso kumtunda. Mponda anailola kudutsa, ndipo pa 12 Okutobala 1875 inalowa m'nyanja ili ndi Edward Young ndi Robert Laws. Anakamanga ku Cape Maclear, malungo n'kuwapha angapo, otsalawo n'kusamukira ku Bandawe. Manda awo alipo mpaka lero kumene mnzako akufuna kukasambirako. Ansembe a Chikatolika a White Fathers nawonso anakhalako kwa Mponda kuyambira mu 1889 mpaka 1891, koma anachoka ntchito yawo isanazike mizu.

M'chaka chomwecho cha 1891 agogo anali mnyamata woweta mbuzi, wa zaka ngati 12. Kunafika Harry Johnston, mkulu wa boma latsopano la Angelezi, ali ndi Kaputeni Cecil Maguire ndi asilikali a Chisikhi ochokera ku India. Agogo ankati chimene chinawadabwitsa si mfuti ayi, mfuti anali ataziona kale kwa Mponda. Anadabwa ndi nduwira zikuluzikulu za Asikhi aja ndi ndevu zawo zokulunga. Alendowo anakumba ngalande tsidya ilo, moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, n'kumanga linga. Anyamata ankabisala m'bango kumawaonerera akukumba, osadziwa kuti dothi likuunjikidwalo ndi chiyambi cha tawuni.

Mu Okutobala mzinga unalira. Madenga audzu anayaka wina pambuyo pa unzake, mbuzi zili balala, ana kulira. Agogo ndi mayi awo anachezera m'bango, madzi olekeza m'chiuno, udzudzu ukuwadya, akuopa ng'ona kumbuyo ndi moto kutsogolo. Mponda anagonja, ndipo akapolo oposa 200 anamasulidwa. Agogo ankati mayi awo anaimirira nthawi yaitali akuyang'ana anthu omasulidwawo mmodzimmodzi, kufunafuna nkhope ya kwawo. Sanaipeze.

Kutha kwa malonda a anthu ndimakuyamika ndi mtima wonse, chifukwa ndikudziwa chimene anachita kwa mayi uja. Koma mzinga womwewo ndi umene unabweretsa msonkho wa nyumba ndi ulamuliro umene sunatifunse kanthu. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo wonena imodzi yokha wanena theka. Mafumu ena sanagonje msanga. Mu Disembala 1891 Maguire anaphedwa ndi anthu a Makanjira kugombe la kum'mawa. Chaka chotsatira Jalasi anapirikitsa gulu lankhondo la Angelezi limene linadzamuputa ku phiri lake, n'kulanda mzinga wawo, ndipo anausunga mpaka 1895 pamene anamugonjetsa. Pamalo pa mudzi wake Angelezi anamanga linga lina, Fort Mangochi, limene makoma ake amiyala akadali chiimire m'nkhalango, njira ya ku Namwera. Tawuni ya pamtsinjeyi anaitcha Fort Johnston, ndipo mu 1897 anaisamutsira pamene ilipa. Dzina la Mangochi inalitenga titalandira kale ufulu. Ine ndakula ndikulemba Fort Johnston pa kalata.

Kenaka inafika nyengo ya sitima. Katundu yense wopita kumpoto ankadzera pano, ndipo kugombe kunali phokoso la nyundo tsiku lonse. Sitima ya amishoni a Anglican, Chauncy Maples, anaipanga ku Glasgow n'kuiphwasula zidutswa zoposa 3,000. Chiphika chake cha nthunzi, cholemera matani 11, anachikoka pamtunda Angoni 450. Zidutswazo zitafika anapeza kuti manambala ozindikirira anafufutika pamene ankazikuta ndi mankhwala oteteza dzimbiri, ndiye amisiri anachita kuyeza chitsulo chilichonse kuti chikwanira pati. Inawatengera zaka ziwiri, n'kuyamba kuyenda pamadzi mu 1901. Mukapita ku Monkey Bay mukaifunse. Boma nalo linali ndi sitima yake yankhondo, Guendolen. Zonsezi zinkayendera nkhuni, ndipo agogo atakula ntchito yawo yoyamba yolandira ndalama inali kudula nkhuni zimenezo n'kuziunjika m'mbali mwa mtsinje. Mitengo yambiri ya kuno inathera m'mimba mwa sitima.

Nsanja ya wotchi ija mumaidutsa tsiku ndi tsiku pafupi ndi mlatho anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, imene inamwalira mu 1901. Mzinga uli pambali pakewo ndi wa pa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo ya Angelezi ndi Ajeremani itangoyamba, Kaputeni Rhoades anapita ndi sitimayi ku Sphinxhaven, kumene lero amati Liuli ku Tanzania, n'kupeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda akuikonza. Anaiombera. Kaputeni wa Ajeremani, dzina lake Berndt, anali bwenzi lake la Rhoades, ndipo uthenga wa nkhondo unali usanamufike. Anapalasa bwato ali wokwiya kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, n'kumangidwa pomwepo. Nkhani imeneyi alendo amaikonda, ndipo kunyumba yosungirako zakale ija, imene kale inali kalabu ya azungu, akakuonetsani ndi zipangizo za Guendolen.

Koma nkhondoyo ife timaitcha ya Chiwaya, ndipo kwa ife sinali yoseketsa. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala atengatenga, osenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali. Ambiri ankadzera pa doko lino. Agogo anatengedwa ali kale ndi banja, n'kupita ndi katundu pamutu kudzera ku Namwera mpaka mkati mwa Mozambique, kumene Angelezi ankasaka asilikali a von Lettow-Vorbeck. Ankandigwiritsa dzanja pamutu pawo, pamene tsitsi silinamerenso. Anzawo anafa ndi kamwazi, njala ndi kutopa, ena n'kungowasiya m'mbali mwa njira atawafunditsa masamba. Otsala anabwera ndi fuluwenza ya mu 1918, imene inalowa m'midzi n'kutenga ndi amene sanapite kunkhondo omwe. Kumanda a pa boma kuli miyala yolembedwa bwino ya amene anafa pa nkhondoyo, ndipo imasamalidwa. Atengatenga anzawo a agogo alibe mwala.

Chimene ali nacho ndi beni. Apa mumvetsere, chifukwa inu mumangouona ngati gule wa pa misonkhano ya andale. Gule ameneyu anachokera kugombe la Aswahili, ndipo dzina lake ndi la bandi ya asilikali. Amene anabwera naye kuno ndi amuna obwerera kunkhondo, asilikali a Keyala ndi atengatenga. Anatenga perete amene anawazunza uja, n'kumuika pa ng'oma zathu, akazi n'kumuimbira nyimbo za Chiyao.

Malume anga anali kaputeni wa beni m'mudzi mwathu. Loweruka m'mawa ankayala bulangete pakhonde, ine ntchito yanga kukupiza makala a m'simbi. Kabudula wa khaki ankamuviika m'madzi a ufa wa chinangwa kuti aume gwa, ndiye akamusita mpaka mzere wake ukhale ngati mpeni. Pachifuwa pa malaya ankasokerera zitsekerero za mabotolo zopsinja ndi mwala, m'malo mwa mamendulo. Wezulo m'khosi, ndodo m'khwapa. Munthu amene dzulo lake anali ndi mamba a nsomba m'manja ankatuluka m'nyumba ali wina, ndipo ife ana sitinkayerekeza kumuseka. Pabwalo pankakhala kingi, masajeni, ngakhale dokotala wake woyendera ovina. Ng'oma yaikulu ikagunda, wezulo n'kulira, mizere inkaima njo, kenaka fumbi koboo. Amaguba ngati asilikali, inde, koma taonani m'chiuno ndi m'mapewa: mmenemo mulibe Mngelezi. Nyimbo zake zinkanena za wokhometsa msonkho, za mwamuna wopita ku Joni osatumiza kalata, za mfumu yokondera milandu. Nkhani imene munthu sakanainena pamaso pa bwana ankaiimba bwanayo atakhala pampando akuomba m'manja.

Agogo sankavina. Ankaima kumbuyo atatsamira ndodo, maso ali pa mapazi a ovina. Tsiku lina ndinawafunsa ngati malume akukhoza. Anayankha kuti, "Mapazi akulondola, mdzukulu wanga, koma pamutu palibe katundu." Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti ndi bwino choncho.

Tsono mtsinje womwe unabala tawuniyi unadzaitembenukira. Kuyambira cha m'ma 1915 madzi a m'nyanja anatsika, mchenga ndi bango zinatseka khomo, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 Shire anasiya kutuluka m'nyanja. Malombe anaphwa, anthu n'kumalima chimanga pamene lero pamaponyedwa matchera. Mayi anga ali mtsikana ankaoloka wapansi kupita tsidya. Madzi anabwerera cha m'ma 1935, paja madzi saiwala khwawa, koma m'chaka chomwecho njanji inali itafika ku Chipoka ndi ku Salima. Katundu anapeza njira ina, ndipo pambuyo pake likulu la sitima linakhazikika ku Monkey Bay. Fort Johnston anatsala ndi bwanamkubwa wa boma, apolisi, masitolo a Amwenye, pantoni yoolotsa anthu ndi asodzi ake.

Pafupi ndi wotchi ija pali chikumbutso china chimene ambiri sawerenga. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Vipya inamira ndi mwera kumpoto, cha ku Chitimba, ndipo anthu 145 anafa, ambiri a iwo anthu akuda okwera m'kalasi yapansi. Ndinali ndi zaka 6. Ndimakumbukira maliro opanda mtembo kunyumba yoyandikana nafe, amayi akulira atayang'ana kumadzi. Ilala imene mumaidziwa inuyi inayamba kuyenda mu 1951 kulowa m'malo mwake.

Za 1965 ndinaziona ndili bambo kale. Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican, anali phungu wathu ndi nduna, mpaka nduna zinasemphana ndi Kamuzu Banda mu 1964. Anabwerera kwawo ku Malindi, tsidya ilo, n'kulowa m'tchire. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anthu ake ngati 200 analowa pa boma pano, n'kulanda mfuti kupolisi. Mkazi ndi mwana wa wapolisi anafa usiku umenewo, ndipo nawonso muziwakumbukira. Gululo linakwera magalimoto kulunjika ku Zomba, koma pa Liwonde linapeza pantoni ili tsidya lina. Shire yemweyu ndiye anawatsekera njira. Zotsatira zake zinali zowawa: midzi inatenthedwa, anthu anamangidwa, ndipo kwa zaka zambiri dzina la Chipembere sitinkalitchula ngakhale m'nyumba. Iye anakafera ku America mu 1975. Beni wa masiku amenewo anasintha nyimbo, anayamba kutamanda. Koma mapazi anali omwe aja.

Ndiye ukati palibe choona, mdzukulu wanga, ukutanthauza chiyani? Pita nthawi ya zinamwali, anyamata akutuluka ku jando, ukaone manganje mmene amadzazira msewu, mayi wa mwana akuvina misozi ili m'maso chifukwa mwana wake wabwera wamoyo ndipo wakula. Pita pa Siyala ukamve sikiri, amuna atavala mikanjo yoyera, opanda ng'oma, mpweya wa m'chifuwa wokha ndiwo ukusunga kayendedwe. Migwalangwa iyi yaima mbali zonse za tawuni si yokongoletsa chabe. Agogo anu aakazi ankadula mlaza, n'kuuyanika, n'kuung'amba ndi chikhadabo timizere tofanana ngati anayeza, ndipo mkeka mwakhalirawu analuka ndi iwowo, akucheza, maso osayang'ana n'komwe zala. Zipewa, mabasiketi ndi timagalimoto ta mlaza zimene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay zinachokera m'manja ngati amenewo. Ku Malindi, pafupi ndi tchalitchi chakale cha mishoni, kunatchuka ndi mbiya ndi makapu adothi owotcha. Pamene chikondwerero cha Lake of Stars chinkachitikira ku Nkopola, magalimoto a alendo ochokera m'maiko akutali ankadutsa pano mondondozana. Ndinkakondwa kuti abwera, koma mtima unkandiwawa poona kuti ambiri sanaime ngakhale kumwa madzi.

Sindiwada alendo othamangira kunyanja. Mchenga wa kumeneko ndi wokongola, ndipo nsomba za mbuna za ku Cape Maclear zinachititsa kuti malowo alembedwe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Koma mlendo amaona chimene mwini mudzi wamulozera. Ukangomuonetsa wotchi ndi mzinga, apita akudziwa za Victoria ndi Rhoades basi. Za mayi wa mtondo wong'aluka uja, za pamutu pa agogo, angazimve kwa yani ngati iwe sunena? Ngakhale chambo ukumuuza kuti agulecho chili ndi nkhani yake. Ine ndili mnyamata khoka limodzi m'Malombe linkadzaza mabwato, ndipo chaching'ono tinkachibwezera m'madzi. Lero asodzi akubwera ndi kambuzi, chifukwa maukonde a maso ang'onoang'ono anasesa ndi ana omwe. Zimenezonso umuuze, asaganize kuti nyanja siitha.

Mawa m'mamawa, dzuwa lisanapse, umuitane mnzakoyo. Tikwera kabaza mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi, uja anamanga ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo tikaima pakati penipeni. Ndikamulozera kumtunda, kwa Mponda, kumene kunali doko ndi linga loyamba. Ndikamulozera kum'mawa, mapiri a Jalasi, ndi kumunsi kumene madzi amapita ku Malombe. Nthawi imeneyo asodzi amakhala akubwerera, amayi akutsuka mbale m'mbali, ndipo mwina mvuu idzatulutsa mphuno. Tikatero tikalowa kunyumba ya zakale ija, kumene agogo sakanaloledwa kuponda pakhomo pokhapokha atasenza nkhuni. Madzulo anyamata a tsidya amayeserera beni pabwalo la sukulu, ndipo kaputeni wawo ndi mdzukulu wa mnzanga. Ndimutumizira uthenga usiku uno kuti asite yunifolomu.

Kolezani motowo, ndipo wina andiikire ndodo yanga pafupi ndi chitseko.